Zoom ya 125x ndi ya munthu woopa kunena odi

Pali funso limodzi limene landikwana kuno ku Malowera: "Imakoka mpaka pati?" Munthu akangogulitsa fodya kapena chimanga, ndalama zisanazizire n'komwe m'thumba, waimbira kale mbale wake wa ku Joni kapena ku Lusaka kuti amupezere kamera. Za batire safunsa. Za fumbi safunsa. Zoti imajambula bwanji dzuwa likapendeka, ayi ndithu. Iye akufuna ija yokoka patali, yoti aziwerenga nambala ya galimoto ili kutsidya kwa dambo. Opanga makamera analidziwa kalekale dyera limeneli, n'chifukwa chake pa bokosi nambala ya zoom amailemba monenepa kuposa china chilichonse: 60x, 83x, 125x.

Ine ndikuti nambala imeneyo ndi nyambo, ndipo woimeza amataya ndalama zake ndi ulemu wake womwe. Tiyambe ndi ndalama, poti ndi zimene anthu amamva msanga.

Makamera ndikunenawa ndi aja amawatcha bridge: thupi lalikulu looneka laukatswiri, pogwirira pabwino, koma lenzi yake ndi imodzi yomweyo, siichotsedwa. Wamkulu wa onse ndi Nikon Coolpix P1000, yomwe inatuluka mu 2018 pa mtengo wa madola pafupifupi 1,000. Pa ndalama yathu ndiye kuti ma meticais oposa 60,000, musanaikepo za mayendedwe, za msonkho ndi kangachepe ka amene wakunyamulirani. Lenzi yake imayambira pa 24mm n'kukathera pa 3000mm. Gawani 3000 ndi 24. Mwapeza 125. Matsenga onse ndi omwewo. Sikuti ng'ombe ya kutsidya ikula kuwirikiza ka 125 poyerekeza ndi mmene diso lanu likuionera, ayi. Nambalayo ikungonena kutalikirana kwa poyambira ndi pothera pa lenziyo. Panasonic Lumix FZ80 imayambira pa 20mm n'kufika pa 1200mm, ndiye amaitcha 60x. Ikanayambira pa 24mm n'kuthera pomwepo pa 1200mm ikanatchedwa 50x, koma patali ikanafika chimodzimodzi. Amuna akuluakulu akukangana pa bawo chifukwa cha nambala yosanena n'komwe chimene iwo akuganiza.

Tsono funsani funso limene wogulitsa salikonda. Zatheka bwanji kuti 3000mm ikwane m'chinthu cholemera makilogalamu 1.4, pamene akatswiri ojambula mpira wa m'masitediyamu amanyamula lenzi ya 600mm yokha yolemera kuposa pamenepo kawiri? Yankho lili m'kati. Kumbuyo kwa lenzi kuli sensor, kachipangizo kolandira kuwala, ndipo ka mu P1000 ndi ka mamilimita 6 m'litali, 4 ndi theka m'lifupi. Chikhadabo cha chala chanu chaching'ono n'chachikulu. Lenzi yeniyeniyo imathera pa 539mm. 3000 uja ndi nambala yoyerekezera chabe, yobwera chifukwa kachipangizo kakang'onoko kamangoona kachigawo kochepa ka zimene zili patsogolo. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi sensor yofanana ndi imeneyi, ena yoiposa. Ndiye mwatulutsa 60,000, mwakoloweka kilogalamu ndi theka m'khosi, koma mtima wa chinthucho ndi wa foni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sensor yaing'ono imafuna kuwala kochuluka, koma zoom yaitali ndiye imadya kuwalako. Lenzi ya P1000 isanakokedwe imatseguka mpaka f/2.8. Mukaikoka mpaka kumapeto imafinyika kufika pa f/8, kutanthauza kuti pa magawo 8 a kuwala amene amalowa poyamba, latsala limodzi. Dzuwa lili paliwombo palibe vuto. Ikangokwana 5 koloko madzulo chithunzi chimayamba mchengamchenga, nkhope zimasungunuka, tsitsi ndi mthunzi zimakhala chinthu chimodzi.

Onjezanipo kunjenjemera. Pa 3000mm kamera imaona kadera kosakwana digiri imodzi. Mwezi ndi theka la digiri, n'chifukwa chake aliyense wogula kamera yotere amayamba n'kujambula mwezi: ndi wowala, sukuthawa, ndipo umadzaza chithunzi. Koma yesani kupeza mbalame mumtengo wa msuku. Musakasaka, masamba okhaokha, pomwe muzidzaipeza nthambiyo mwini wake wauluka. Kupuma kwanu kumagwedeza chithunzi, kugunda kwa mtima nakonso. Zoletsa kugwedezeka zimene amaika mu lenzi zimathandiza dzanja lanu, koma sizingaimitse mwana wothamanga kapena wosewera amene akumenya mpira. Pafunika tripod. Ndiuzeni, ndani akwere njinga yamoto kupita ku Fingoé atabereka miyendo itatu yachitsulo kumsana?

Ndipo pali mdani amene ngakhale tripod siingamuthe: mpweya wathu womwewu. Kuyambira Ogasiti utsi wa lupsa umaphimba mapiri. Mu Okutobala tsikirani kuchigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapyola madigiri 40, muone mmene mpweya umavinira pamwamba pa nthaka. Lenzi ikamakoka chinthu chili pa mtunda wa kilomita, imakokera pamodzi utsi, fumbi ndi kuvina konse kwa mpweya wa pakatipo. Chithunzi chotsatsira malonda chija, cha mbalame yooneka nthenga iliyonse, bwerani mudzachijambule kuno mwezi wa Okutobala masana tione.

Tsopano tinene zoona, timajambula chiyani? Ukwati m'tchalitchi cha mazenera awiri. Chinkhoswe pansi pa mtengo wa mango. Khanda lotuluka m'chikuta. Fodya ali m'chigafa kuti mlangizi aone. Ng'ombe yoti tiitumize pa WhatsApp kwa wogula wa ku Tete. Chiliza cha agogo tsiku lochivundukula. Mpira wa madzulo pabwalo la sukulu. Kupatula mpirawo, zonsezi zimachitika pa mtunda wosapitirira mapazi makumi awiri, ndipo zambiri zimachitika kuwala kuli kochepa, ndendende pamene kamera ya 125x imagwa mphwayi.

Sindikunena kuti kamera ya bridge ilibe ntchito. Pa ulendo ndi yabwino: chinthu chimodzi m'chikwama, osasinthasintha malenzi pa fumbi, ndipo pali poika diso dzuwa likamathobwa galasi lakumbuyo. Koma woifunadi ayang'ane zija anzake amazinyoza. Panasonic FZ300 ya 2015 imangofika 600mm, 24x chabe, pa bawo akusekani. Sensor yake ndi yaing'ono mofanana ndi ya P1000, sindikubisirani. Koma lenzi yake imakhala pa f/2.8 kuchokera poyambira mpaka pothera, ndipo thupi lake analimata kuti fumbi ndi madontho a mvula zisalowe msanga. FZ1000 ya 2014, pamodzi ndi mng'ono wake FZ1000 II wa 2019, imathera pa 400mm, 16x basi, koma sensor yake ndi ya inchi imodzi, yaikulu pafupifupi kanayi kuposa ya P1000, ndipo kusiyanako mudzakuona m'tchalitchi muja. Sony RX10 IV ya 2017 inaphatikiza zonse, sensor ya inchi, 600mm ndi thupi lomata, koma inabwera pa madola 1,700. Imeneyo ndi ya mabwana, tiisiye.

Za fumbi ndinenepo zambiri, chifukwa ndi limene limapha makamera kuno, osati kuchepa kwa zoom. Lenzi ikamatuluka ndi kubwerera imapuma mpweya, ndipo mpweya wa m'misewu yathu mukuudziwa. Nikon P900, P950 ndi P1000, Panasonic FZ80, Canon SX70 HS, onsewa palibe yomata. Pa kamera yochotsa lenzi, fumbi likafika pa sensor mumatsegula n'kulichotsa. Pa bridge simungafikepo. Kadontho kakuda kadzakhala pa thambo la chithunzi chilichonse mpaka wina aimasule yonse. Tsiku lina kamchenga kalowa m'mano a lenzi, mumva kukukuta, lenzi yaima panjira, yosatuluka yosabwerera. Anyamata okonza mafoni pamsika ndi aluso, ndimawalemekeza, koma lenzi ya magalasi 17 si foni. Ndiye kamera yanu iyambe ulendo wa ku Tete, ku Lusaka, kapena ibwerere ku Joni komwe inachokera, ukwati wa mlongo wanu uli Loweruka likubwerali.

Batire nayonso. Ya P1000, malinga ndi muyeso wa opanga makamera eni ake, imatha pa zithunzi 250. Ukwati wa kuno, kuyambira kutchalitchi mpaka pelekanipelekani, 250 ndi m'mawa wokha. Damu la Cahora Bassa, lomwe nyanja yake ili kumwera kwa boma lathu lomwe lino, limapanga ma megawati 2,075, ndipo ambiri amayenda pa nthambo makilomita 1,400 kukayatsa South Africa, pamene m'midzi yathu yambiri timatchaja pa kasola ka padenga. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma wogula kamera asaiiwale. Funsani ngati imatchajika pa USB. FZ300 ndaitamayo siitero, imafuna tchaja yapakhoma, ndiye muigulire padera katchaja ka USB ka mabatire ake. Ndipo batire imodzi si batire.

Dziwaninso kuti msika wa makamerawa ukufota. Mu 2010 makampani anatumiza m'masitolo makamera 121 miliyoni. Mu 2023 sanakwane 8 miliyoni. Foni inawadya. N'chifukwa chake "zatsopano" zambiri ndi zakale zovala malaya ena: FZ80D ya 2024 ili ndi lenzi ya FZ80 ya 2017, ndipo P1100 ya 2025 ili ndi 24mm mpaka 3000mm yomwe ija. Zambiri zofika kuno ndi zogwiritsidwapo kale ntchito. Musaiyese masana panja pa sitolo, pamene kamera iliyonse imaoneka ngwazi. Iyeseni m'nyumba, madzulo, pa nkhope ya munthu. Kokani lenzi mpaka kumapeto mutatchera khutu. Jambulani khoma loyera muone ngati pali madontho. Mafoni nawo analowa mpikisano wa nambala, Samsung inalemba 100x pa Galaxy S20 Ultra mu 2020, ndipo mu 2023 dziko linakangana litazindikira kuti zina zooneka pa mwezi wa m'mafoni amenewa zimakometseredwa ndi kompyuta ya m'foni momwemo. Nyambo ndi yomwe ija.

Wina anena kuti nanga nyama? Pamenepo ndikuvomera. Mvuu ya m'Cahora Bassa simuiyandikira, ng'ona simuipempha kuti itembenuke, njovu ikalowa m'munda mumaionera kutali. Kutsidya kwa nyanja kuli paki ya Magoe, yomwe inakhazikitsidwa mu 2013, ndipo munthu amene mtima wake uli pa nkhwazi ndi timbalame, wodzuka mbandakucha mpweya usanayambe kuvina, P950 imuthandiza. Koma oterowo ndi angati pakati pa onse ofunsa kuti imakoka mpaka pati? Ndipo mvuu ili m'madzi, inu muli pamtunda wotetezeka, 600mm imaitenga bwinobwino.

Tsopano za ulemu, zomwe ndiye zikundiwawa.

Kwathu kuno mlendo amaima kumapeto kwa bwalo n'kunena odi. Amamulandira, amamuyalira mphasa kapena kumupatsa mpando, moni amayenda mmodzimmodzi, kenako malonje: mwachokera kuti, mwayenda bwanji, mwasiya kuli bwanji. Zonsezo zikatha ndi pamene amanena chimene wadzera. Zoom yaitali imafafaniza zonsezi. Munthu amaima pamsewu, amatsitsa galasi la galimoto, amakoka nkhope ya mayi amene akusinja pamtondo pa mtunda wa mamita 200, n'kuliza galimoto ulendo. Mayi uja sakudziwa kuti watengedwa. Dzina lake silinafunsidwe. Chitenje chimene wavala ndi chogwirira ntchito, chabwino chili m'sutikesi, ndipo akanafunsidwa akanati dikirani ndisinthe. Mawa ali pa Facebook, pansi pake atalembapo Chingerezi kapena Chipwitikizi chomumvera chisoni chimene iye sanapemphe.

Kale tinkati ndi khalidwe la alendo. Lero ndi ana athu omwe. Mnyamata wakwera pachulu, walozetsa lenzi kudooko kumene amayi ndi atsikana amasamba, akagwidwa akuti ndimajambula mbalame. Wina pamaliro wabisala kuseri kwa ngolo, akukoka nkhope ya namfedwa ali pakati pa kulira. Musandiuze kuti ndi luso. Kumeneko ndi kuba, ndipo kutalika kwa lenzi sikuchepetsa mlandu, kumangothandiza wakubayo kuti asagwidwe.

Anthu a ku Tete tajambulidwa mokwanira popanda kufunsidwa. Nthawi ya nkhondo, isanathe mu 1992, ambiri a m'malire muno anathawira ku Zambia, ena n'kukakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke, msasa womwe unatsegulidwa mu 1987. Dziko linkationa m'mizere yodikira ufa, nkhope zopanda maina. Mwina panthawiyo panalibe kuchitira mwina, zithunzi zoterozo ndi zimene zinkaitana chithandizo. Koma papita zaka zoposa 30. Titulutsirenji ndalama zathu za fodya kugula chida choti tizionana tokhatokha mwa njira yomweyo?

Nanga Gule? Mu 2005 UNESCO inalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi chuma cha anthu onse, ndipo ena anamva ngati apatsidwa chilolezo choloza kamera paliponse. Gule akatuluka pabwalo watulukira kuti aonedwe. Pemphani kwa mfumu ndi akuluakulu a mwambo, akalola jambulani. Ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa Ogasiti, pamene mafumu a Achewa a mayiko atatu amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi, khamu limakhala losayamba, ndipo zoom imathandiza munthu amene wakhala kumbuyo. 400mm kapena 600mm imakwana. Koma kudambwe si pabwalo. Chimene chinkateteza malo amenewo ndi tchire, mtunda ndi mantha a munthu wosavinidwa. Lenzi ya 3000mm imadumpha zitatu zonsezo mwini wake ali chikhalire pakhonde. Mafumu athu, nyakwawa zathu, nkhani imeneyi muikambe isanakupezeni pabwalo la milandu, chithunzi chitazungulira kale mafoni a boma lonse.

Ojambula patali ali ndi chodzikanira chawo. Amati munthu akadziwa kuti ukumujambula amauma, amangoti njo, manja m'mbali, kumwetulira kwa pachitupa. N'zoona, kwa mphindi zisanu zoyamba. Mankhwala ake ndi kukhala. Khalani pamphasa, imwani thobwa, funsani za mvula, tsomphani nawo mtedza. Pakapita nthawi kamera amaiiwala, ndipo chithunzi chimene mudzatenge pamenepo chidzakhala cha munthu amene akudziwa kuti mulipo koma sakukuopani. Chimenecho lenzi yobisala siingachipeze.

Dziko lathu lili ndi aphunzitsi a zimenezi. Ricardo Rangel, yemwe anabadwa mu 1924 n'kumwalira mu 2009, ndiye tate wa kujambula kwa atolankhani mu Mozambique, ndipo mu 1983 anayambitsa sukulu ya ojambula ku Maputo. Chithunzi chake chodziwika kwambiri, cha kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, n'cha mnyamata woweta ng'ombe amene bwana wake anamuwotcha pamphumi ndi chitsulo chodindira ziweto. Mnyamatayo ali pafupi, nkhope yadzaza chithunzi, chipsera chili poyera. Rangel anapita kumene kunali mwanayo n'kuima patsogolo pake. Mário Macilau, wobadwa mu 1984, anapeza kamera yake yoyamba posinthanitsa ndi foni ya mayi ake, ndipo zithunzi zake za ana a m'misewu ya Maputo zaonetsedwa m'mayiko ambiri. Anazipeza pokhala ndi anawo zaka, mpaka kuloledwa kulowa kumene amagona. Pa awiriwa palibe amene anatchuka chifukwa cha kutalika kwa lenzi.

Pali mmodzi yekha amene ndimamulola kujambula anthu ali patali: mtolankhani amene akuona galimoto yozembetsa mitengo, kapena wamkulu wina akulandira chiphuphu pamsewu. Ameneyo aime kutali ndithu, moyo ndi umodzi. Patali tizijambulirapo njovu, ng'ona ndi anthu amphamvu ochita zoipa. Gogo wosinja sali m'gulu limenelo.

Pitani pamaliro a munthu wachikulire m'midzi yathu muone chithunzi chimene achibale anyamula, ngati chilipo n'komwe. Kawirikawiri ndi chija cha pa chitupa cha BI kapena pa kadi yovotera, atachikulitsa mpaka maso kuchita chifunga. Munthu wakhala zaka 80, walera mudzi wathunthu, chithunzi chake chokhacho n'chimene boma linamujambula atamuuza kuti asaseke. Pomwepo mdzukulu wake waima poteropo ndi chikamera cha 60,000 m'khosi. Pa mitengo imene zinatulukira, P1000 ndi FZ300 zimasiyana madola pafupifupi 400, ma meticais oposa 25,000. Ndalama imeneyo igula mabatire awiri apadera, katchaja ka USB ndi chikwama chotseka bwino, itsukitsa zithunzi za nkhalamba za m'mudzi mwanu ulendo wotsatira wa ku Tete kapena ku Katete, ndipo itsalako ya petulo woti mukazipereke kwa eni ake.